Ampu ikalira "hmmm", osadula waya wa earth

Weekend yatha ninali ku Pembamoyo pa ukwati wa msuweni wanga. Nyimbo zinali kuchoka mu ampu yakale ya amalume, ija ya mavalavu yolema monga thumba la simenti. Eni ake akuti ni ya m'ma 1970, nthawi ya Zamrock, pamene WITCH na Paul Ngozi anali kugwedeza Zambia. Saundi yake ni yokoma, sinikana, koma pansi pa nyimbo panali ka "hmmm" kosasila. Ndiye MC atangogunditsa milomo pa maiki, anajumpha: "Yaniluma!" Anthu anafa nazo nseko. Ine n'tayang'ana pulagi, nseko zinanithela. Waya wa earth, uja wa girini na yelo, unali lende panja. DJ ati anaudula dala kuti chongo chichepe.

Ma DJ ambiri m'komboni amachita chimodzimodzi, ndipo ichi chimapaya. Waya uja umalumikiza chitsulo cha ampu na nthaka. Ngati waya wa live wakhudza chitsulo mkati, malaiti amathawila mu earth, fyuzi yapsa, basi. Mukaudula, chitsulo chingakhale na 230 volts osadziwa. Maiki na mawaya a gitala ni olumikizidwa ku chitsulo chomwecho kupyolela mu kebo, so njila ya malaiti yopita pansi imakhala imwe, makamaka ngati mulibe nsapato kapena pansi ni ponyowa.

Si nthano iyi. Mu 1972 Leslie Harvey, woimba gitala wa Stone the Crows, anafela pa siteji ku Swansea atagwila maiki yopanda earth. Mu 1976 Keith Relf wa Yardbirds nayenso anaphedwa na malaiti poimba gitala kunyumba kwake.

Manje "hmmm" timuchite bwanji? Nthawi zambiri amabwela ngati mikisa ili pa soketi ina, ampu pa ina. Ma earth awiri aja pamodzi na kebo ya saundi amapanga lupu imene imatola kulila kwa malaiti athu a 50 Hz. Ikani zonse pa ekisitenshoni imodzi yabwino ya mapini atatu. Makebo a saundi asagone pamodzi na a malaiti kapena machaja a foni. Ikakana, gulani DI box. Batani yake ya ground lift imadula earth ya saundi chabe, ya chitetezo imakhalabe.

Ngati ampu ikulila ngakhale mwazula makebo onse a saundi na voliyumu ili pa ziro, vuto ili mkati. Kambiri amakhala makapasita amene anauma na ukalamba. Apa manja anu achokepo. Mu ampu ya mavalavu, makapasita angasunge 400 volts na kupitilila, olo mwaizula ku khoma. Ipelekeni kwa tekinishani wodziwa, ndipo mumuuze zinthu izi: aike kebo ya mawaya atatu, earth aimange na bauti pa chitsulo cha ampu, fyuzi na switchi zikhale ku waya wa live. Ma ampu akale a ku America a mapini awiri, monga ma Fender ena, ali na kakapasita pakati pa malaiti na chitsulo. Oimba amakaitana "death cap", dzina lokha likuuzeni. Akachotse.

Mukaseweletsa jenseti monga ife ku Pembamoyo, electrician akhome ndodo ya earth, ndipo muikepo RCD ya 30 mA, imene imazimya malaiti mwamsanga akayamba kupita panjila yolakwika.

Ife tinazimya zonse, waya unabwelela mu pulagi, zida zonse zinapita pa ekisitenshoni imodzi. Chongo chinachepa, maiki inaleka kuluma, anthu anavina mpaka nkhuku kulila. Ka "hmmm" kotsala, amalume alonjeza kuti ampu ipita ku Chipata ikaonedwe. Imwe ba DJ, musanayambe gigi ya Saturday, tsegulani pulagi muone ngati mawaya onse atatu alimo.