Tisakongole Maloto a Alendo a ku Mfuwe

Amene tinakulira ku Mambwe, kapena tili ndi abale kumeneko, timawadziwa alendo aja. Kuyambira mu June mpaka mu October amatsika ndege pa bwalo la Mfuwe, zipewa zazikulu kumutu, makamera m'khosi, galimoto ya loji ikuwadikirira panja. Ambiri ndi okalamba, koma ena ndi a msinkhu wa azakhali athu aang'ono. Nyumba anamaliza kulipira, nchito anasiya, chatsala n'kuzungulira dziko ndi kujambula nyalugwe. M'bale wathu amene amawanyamulira zikwama amabwerera kumudzi madzulo pa njinga, akuyang'ana uku ndi uku kuopa kukumana ndi njovu.

Maloto a alendowa atilondola mpaka m'mafoni athu ku Chawama, ku Kapata ndi ku Chimwemwe. Pa TikTok ndi YouTube pali anyamata ndi atsikana ovala bwino amene amatiphunzitsa njira yake: sunga theka la malipiro, tenga mogeji, ilipire msanga, siya nchito usanamere imvi, kwera ndege. Ku America chiphunzitsochi amachitcha FIRE, ndipo ambiri amati chinayambira m'buku la Vicki Robin ndi Joe Dominguez la mu 1992, lotchedwa Your Money or Your Life. Lamulo lake lotchuka linachokera ku kafukufuku wa William Bengen wa mu 1994: ukasunga ndalama zokwana kuwirikiza ka 25 zimene umadya pa chaka, ukhoza kumatapako 4 peresenti chaka chilichonse kwa zaka 30 osazimaliza.

Ife tikuti chiphunzitsochi chili ngati mkuyu, chokongola kunja, m'kati muli nyerere. Masamu ake anawerengedwa pa dola, pa misika ya ku America, kwa munthu amene amadzidyetsa yekha. Mnyamata wa ku Zambia amene akuchimeza chonse osatafuna akudziika pa chingwe cha zaka 15 kapena 20, n'kumachitcha ufulu. Muli mbali imodzi ya chiphunzitsochi yoyenera kuigwira ndi manja awiri, ndipo tifika pamenepo. Koma poyamba tiwerengere pamodzi, popeza amene amatilalikira pa foni sakonda kuwerenga m'makwacha.

Mu January 2021 munthu wa ku America ankatha kutenga nkhongole ya nyumba ya zaka 30 pa chiwongoladzanja chosafika 3 peresenti. Kuno kwathu, mu February 2025 Bank of Zambia inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 14.5 peresenti, ndipo banki iliyonse imaika phindu lake pamwamba pa nambala imeneyo isanakubwereke. Tiyerekeze kuti mwapeza mogeji ya K500,000 pa 20 peresenti kwa zaka 15. Mwezi uliwonse mudzalipira pafupifupi K8,800. Mwezi woyamba, K8,333 ya ndalama imeneyo ndi chiwongoladzanja chokha, ndipo nkhongole yeniyeniyo imatsika ndi ndalama yosafika K500. Pofika tsiku lomaliza mudzakhala mutapereka pafupifupi K1.58 miliyoni. Mwagula nyumba zitatu, mwalowa imodzi. Dziwaninso kuti nkhongole zambiri za m'mabanki athu zimatsatira chiwongoladzanja cha Bank of Zambia, choncho icho chikakwera, yanu imakweranso muli m'tulo.

Tsopano tiyese lamulo la ka 25 lija. Ngati banja lanu limadya K6,000 pa mwezi, ndiye K72,000 pa chaka, ndipo mufunika K1.8 miliyoni kuti musiye nchito. Tinene kuti mwachita chozizwitsa, mwaisunga. Mu 2013, pamene anachotsa maziro atatu pa kwacha, dola imodzi inali pafupi ndi K5. Mu 2024 inadutsa K25. Pakati pa chaka cha 2021 mitengo ya zinthu inkakwera kupitirira 24 peresenti pa chaka, dziko litalephera kale kulipira nkhongole zake za kunja mu November 2020. Tikiti ya ndege, hotela ya ku Cape Town ndi viza zonse zimayendera dola. Munthu amene anapuma mu 2013 ndi thumba lodzaza makwacha, lero ulendo wake wautali ndi wopita ku chigayo.

Ku Mambwe vuto limayambira pansi penipeni, pa nthaka. Banki imabwereketsa ndalama ya nyumba pa malo amene ali ndi taitulo, chifukwa ikufuna chinthu chimene ingagulitse mukalephera. Malo ambiri a m'boma la Mambwe ali m'manja mwa mafumu a Akunda: a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Malama ndi a Msoro. Lamulo la malo la mu 1995 limalola kusandutsa malo a mfumu kukhala a lizi ya zaka 99, koma pafunika chilolezo cha mfumu, kenako khansolo, kenako ofesi ya za malo. Kumene kuli dera losungirako nyama ngati Lupande, a nthambi ya nyama zakutchire nawonso ayenera kufunsidwa. Choncho mphunzitsi wa ku Masumba kapena namwino wa ku Jumbe akamva mlaliki wa pa foni akuti "tenga mogeji", akumva za chitseko chimene khoma la kwawo lilibe. Chimene amapeza msanga ndi nkhongole yodula ku malipiro, ya zaka zochepa ndi chiwongoladzanja chachikulu, kapena kaloba wa pamsika. Zimenezo sizinapumitsepo munthu msanga.

Nchito nayonso ya m'chigwachi imayenda ndi nyengo. Mvula ikayamba mu November kapena December, Luangwa amadzaza, misewu ya m'paki imasanduka matope, ndipo makampu ambiri a m'tchire amatseka mpaka chilimwe. Ophika, ochapa ndi oyendetsa magalimoto ambiri amadikira miyezi imeneyo kunyumba. Mu 2020, Covid itaimitsa ndege, alendo anasowa chaka chonse ndipo mabanja a ku Mfuwe anaona mmene malipiro amaumira. Mu 2024 chilala chinapsereza chimanga mpaka boma kulengeza tsoka la dziko kumapeto kwa February, ndipo m'matauni magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, saluni ndi mashopu owotcherera zitsulo zili chete. Mogeji samva za chilala, samva za mliri. Tsiku lake likakwana, lakwana.

Pali chinanso chimene alaliki a kupuma msanga amachinena monyoza, ndipo apa ndi pamene timakwiya. Amati ndalama imene timatumiza kumudzi ndi msonkho umene ukutibweza m'mbuyo, ndipo wanzeru ayenera kuphunzira kukana. Tiwafunse: njovu zikalowa m'munda wa amayi ku Kakumbi usiku umodzi n'kumaliza chimanga cha chaka chonse, tiwatumizire vidiyo ya mmene angasungire ndalama? Amene anatilipirira fizi ya giredi 12 anagulitsa thonje ndi mpunga, ena anafulula mowa. Penshoni yawo ndi ifeyo. Mlendo wa ku Mfuwe uja ali ndi boma limene limasamala makolo ake akakalamba. Ifenso tikadzadwala kapena nchito ikatha, amene adzatilandira ndi abale omwewo amene tauzidwa kuti tiwazimitsire foni. Kuika malire n'kwabwino, ndipo m'bale waulesi wofuna ya mowa tiyenera kumuuza zoona. Koma dongosolo la chuma limene limayenda pokhapokha utaiwala amayi ako ndi lobwereka, silitikwana.

Tinaonanso mu 2023 mmene njala ya "kudya lero" ingavalire chovala cha ufulu. Mu April chaka chimenecho lamulo linasinthidwa kuti membala wa NAPSA amene wasonkha miyezi 60, kapena wafika zaka 45, atengeko 20 peresenti ya ndalama zake asanapume. Mabiliyoni a makwacha anatuluka. Ena anagula mapuloti, anafolera nyumba, analipira fizi, ndipo anachita bwino. Ena tonse tikuwadziwa: foni yatsopano, sabata imodzi ya chisangalalo, kenako chete. Lamulo la penshoni limalola kupuma msanga pa zaka 55, kupuma kwa nthawi zonse pa 60, ndi kochedwa pa 65. Amene anadya gawo lake ali ndi zaka 32 adzalikumbuka pa 60.

Nanga mbali yabwino ija ndi iti? Ndi chidani cha nkhongole. Pa mfundo imeneyi a FIRE akunena zoona, ndipo kuno ndi zoona kuposa kwawo. Bwererani ku mogeji ya K500,000 ija. Mukamawonjezera K1,000 yokha mwezi uliwonse kuyambira pachiyambi, nkhongoleyo imatha m'zaka zosakwana 10 m'malo mwa 15, ndipo mumapulumutsa pafupifupi K450,000. Palibe bizinesi ya salaula kapena ya nkhuku imene ingakulonjezeni phindu lotsimikizika la 20 peresenti chaka ndi chaka, koma kubweza msanga nkhongole ya 20 peresenti kumachita zimenezo. Choncho ngati muli nayo kale, kaya ku Zambia National Building Society kapena ku banki ina, bonasi ndi ndalama ya chilimba zipite kumeneko zisanapite ku galimoto. Musanasaine, funsani ngati pali chilango cholipira msanga, ndipo yankho lake mulione lolembedwa.

Kwa ambiri a ife amene tilibe mogeji, njira ndi imene makolo athu anaidziwa kale popanda dzina la Chingerezi. Pezani malo ndipo mapepala ake akhale olongosoka, kaya ndi kalata ya mfumu yokhala ndi mboni kapena taitulo. Umbani njerwa kapena gulani mabuloko mwezi ndi mwezi. Malizani zipinda ziwiri, folerani, lowani, ndipo ndalama ya renti isanduke simenti ya chipinda chachitatu. Chilimba ndi mabanki a m'mudzi zimathandiza ngati mukudziwana bwino ndipo ndalamayo ili ndi nchito yake isanafike m'manja.

Tikudziwa zimene ena ayankhe. Adzati kumanga pang'onopang'ono n'kodula, simenti imakwera chaka chilichonse, ndipo m'makomboni mwadzaza nyumba zimene zinaima pa windo udzu n'kumera m'kati. N'zoona. Adzatinso wa mogeji amalowa m'nyumba lero pamene womanga yekha akulipirabe landilodi. N'zoonanso, ndipo kwa munthu wa malipiro okhazikika amene angaike ndalama yambiri poyamba n'kukongola yochepa kwa zaka zochepa, mogeji ikhoza kukhala yanzeru. Koma onani kusiyana kwake tsiku loipa likafika. Nchito ikatha, nyumba yoima pa windo imakudikira, ngakhale zaka zitatu. Nyumba ya banki imatuluka mu nyuzipepala pa tsamba la zogulitsa, pamodzi ndi zonse zimene munalipira.

Tsopano za ulendo, pakuti n'zimene zimatikopa kwambiri. Ndani anatiuza kuti kuona dziko kumayamba munthu akasiya nchito, ndiponso kuti dzikolo ndi Dubai? South Luangwa, imene inakhala paki mu 1972, ndi yaikulu masikweya kilomita 9,050, ndipo anthu amawoloka nyanja kudzaiona. Ndi m'chigwa chimenechi mmene Norman Carr, mogwirizana ndi Mfumu Nsefu, anayambitsa zoti alendo aziona nyama ndi kuzijambula m'malo mozipha, ndipo maulendo oyenda pansi m'tchire anatchuka kuchokera kuno. Nyamalikiti ya Thornicroft simungaipeze kwina kulikonse kunja kwa chigwa cha Luangwa. Kuchokera ku Lusaka ndi basi ya tsiku limodzi kufika ku Chipata, kenako msewu wa tara mpaka ku Mfuwe. Nzika ya Zambia imalipira pa geti m'makwacha, ndalama yochepa poyerekeza ndi ya mlendo wakunja, ndipo kunja kwa paki kuli malo ogona otsika mtengo. Anzathu asanu atasonkherana miyezi inayi akhoza kupita chaka chino, nchito ali nayo, nkhongole alibe. Mukakonza bwino masiku mudzaonanso mwambo wa Malaila wa Akunda. Chomvetsa manyazi n'chakuti pali ana obadwira ku Mambwe amene sanawolokepo mlatho wa Luangwa kulowa m'paki, pamene ife tili kalikiliki kusunga zithunzi za Santorini m'mafoni. Mukapita, tengani mphwanu wa kumudzi mulowe naye.

Sitikuletsa munthu kulota kupuma msanga. Tikukana kuti maloto owerengedwa pa 3 peresenti atisainitse mapepala a 20 peresenti. Mwezi uno ukatha, musanagule bando yoonera alaliki aja, tengani pepala mulembe nkhongole zanu zonse ndi chiwongoladzanja cha iliyonse. Yokwera kwambiri ndiyo muyambe kupha. Ikatha, ndalama yomweyo igule mabuloko oyamba, ndipo yotsalayo ikhale ya basi ya ku Mfuwe.