ZA PABANJA: Lilime Likamangika Paguwa

Mwezi uno tinali kunyanja ku Nkhotakota. Tsiku la Sabata tinapemphera pampingo wina wa m'mbali mwa nyanja. Mnyamata amene anapatsidwa kuŵerenga Mawu anaimirira natsegula Buku Lopatulika, manja ali njenjenje. Anaŵerenga ndime ziŵiri chapansipansi, kenaka anangoti zii. Anzake kumbuyo anayamba kuseka. Chimene chinatiŵaŵa n'chakuti mnyamata yemweyo tinamumva dzulo lake pagombe akuitana anzake a m'bwato lakutali, liwu lake likupambana mkokomo wa mwera. Liwu ali nalo ndithu. Chimene chikumsoŵa ndicho chizoloŵezi.

Mlandu tiuika pa ife makolo. Mwana akati alankhule pakhomo timamdula, ati pano pali akulu. Ulemu sitiukana ayi. Koma mwana amene tamtseka pakamwa zaka 15, tingayembekeze bwanji kuti tsiku limodzi adzaima chilili pamaso pa mpingo wonse?

Kwa inu achinyamata, nkhani ili pa Nkhotakota pomwepo. Mtengo umene anthu amaloza kuti David Livingstone anakhala patsinde pake m'chaka cha 1863, pokambirana ndi Jumbe zoleka malonda a akapolo, ambiri mumaudziŵa. Koma kodi mudziŵa kuti munthu yemweyo anathaŵapo paguwa? Akuphunzira zaumishoni ku Ongar, m'dziko la England, m'zaka za 1838 ndi 1839, anatumidwa kukalalikira ku Stanford Rivers. Ulaliki anauloŵeza pamtima. Ataŵerenga Mawu, zonse zinamuuluka m'mutu, ndipo anangouza anthu kuti waiŵala, natuluka m'kachisi. Bungwe la London Missionary Society linakayika za iye, nilimuonjezera nthaŵi yomuyesa. Komatu pa 4 Disembala 1857 analankhula ku Cambridge, ndipo mwa mawu amenewo munabadwa mishoni ya U.M.C.A., imene pambuyo pake inadzakhazika mpingo wa Anglican ku Nkhotakota. Jumbe sanatembenuke ndi zokambirana za patsinde paja, zimenezo tivomereza. Koma wothaŵa uja anali atasanduka munthu wolankhula pamaso pa mafumu.

Ife tiona kuti chinamgwetsa ku Stanford Rivers ndi kuloŵeza liwu ndi liwu. Woloŵeza akataya liwu limodzi, ulusi wonse wasomphoka. N'kwabwino kugwira mfundo ziŵiri kapena zitatu, kuzimvetsa bwino, ndi kuzinena monga mulankhulira ndi amalume anu pakhonde. Ngati mwapatsidwa kuŵerenga, ŵerengani mokweza kunyumba katatu, muyese ndi maina ovuta a m'Chipangano Chakale. Mukaimirira musathamange, pumani kaye, muyang'ane agogo amene akhala kumbuyo kwenikweni, mulankhule kuti iwowo amve. Mantha sadzatheratu. Ngakhale Mose, m'chaputala 4 cha Eksodo, anadandaula za lilime lake, koma kwa Farao anapitabe.

Akulu a mpingo uja tinawapempha kuti mnyamatayo asamchotse pamndandanda wa oŵerenga, ndipo anavomera. Atate ake anatilonjeza kuti pamapemphero a madzulo, atatha kudya, Buku azimpatsa iyeyo kufikira tsiku lake lidzakwane.