Kaliyala wopanda katundu akudya phindu la amalonda a ku Neno

Msika ukatha, magalimoto amene anakatsitsa mbatata ya kachewere ndi manachesi ku Lunzu kapena ku Blantyre amabwerera ku Neno ali opepuka. Matumba atsika, madengu atsika, koma kaliyala wachitsulo amatsala pamwamba pa galimoto chaka chonse. Eni magalimoto ambiri samuwerengera n'komwe, poti saona ndalama imene amatenga. Chonsecho kaliyala ameneyu amamwa nawo mafuta pa ulendo uliwonse, ndipo amene amalipira mafutawo pamapeto pake ndi wamalonda yemwe amapereka ndalama ya thumba lililonse lokwera galimoto.

Nkhani ya mafuta sichinthu chochezera masiku ano. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linakweza petulo kufika pa K2,530 pa lita, dizilo pa K2,734. Kuchokera nthawi imeneyo mitengo yakweranso, ndipo aliyense akukumbukira mizere italiitali ya pamalo omwetsera mafuta. M'boma ngati la Neno, kumene malo omwetserawo ali patalipatali, mafuta akasowa anthu amathamangira a m'zigubu, omwe mtengo wake amatchula ndi wogulitsa. Lita imodzi yopulumutsidwa kumeneko ndi ndalama yooneka.

Kaliyala amadya mafuta m'njira ziwiri. Yoyamba ndi mphepo. Galimoto ikamayenda imakankha mpweya umene uli kutsogolo kwake, ndipo opanga magalimoto amasalaza denga mwadala kuti mpweyawo uzidutsa mosavuta. Zitsulo za kaliyala zimaswa mpweyawo ndi kuukola, motero injini imagwira ntchito yoonjezera. Kulimbana ndi mphepoku kumakula msanga kuposa liwiro: woyendetsa akachoka pa makilomita 40 pa ola kufika pa 80, mphamvu ya mphepo yomukankhira m'mbuyo imachuluka kanayi. Kaphokoso kolira ngati mluzu kamene kamamveka padenga galimoto ikathamanga ndi chizindikiro cha mafuta amene akupita pachabe.

Njira yachiwiri ndi kulemera. Makaliyala ambiri a m'misewu ya kuno ndi owotcherera pamsika, a zitsulo zokhuthala zamakona, ndipo amalemera kuposa ochokera ku fakitale. Unduna woona za mphamvu ku America umanena kuti makilogalamu 45 alionse oonjezera m'galimoto amachepetsa mtunda umene lita imayenda ndi pafupifupi 1 peresenti, ndipo galimoto yaing'ono ndi imene imamva kwambiri kulemeraku.

Unduna womwewo unaikanso ziwerengero za bokosi lalikulu la katundu loikidwa padenga. M'tauni, kumene galimoto imayenda pang'onopang'ono, limachepetsa mtunda wa pa lita ndi 2 mpaka 8 peresenti. Pamsewu waukulu ndi 6 mpaka 17 peresenti, ndipo pa liwiro la makilomita 105 mpaka 120 pa ola limafika 10 mpaka 25 peresenti. Kaliyala wopanda kanthu sadya kufika pamenepo, koma sakhala waulere. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 kuchokera ku Lawrence Berkeley National Laboratory anapeza kuti m'chaka cha 2015 makaliyala a padenga anawononga mafuta okwana magaloni 100 miliyoni ku America, omwe ndi malita pafupifupi 380 miliyoni.

Komatu Neno si America, ndipo apa m'pamene wamalonda ayenera kuganiza ndi mutu wake. Misewu yambiri ya m'bomali ndi yafumbi, ya zitunda ndi mabampu. Msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza, umene anthu audikira kwa zaka zambiri, ndi nkhani yodziwika kwa aliyense wa kumeneko. Galimoto yotsika ndi mbatata kuchokera kumapiri a kwa Dambe siingathamange, choncho mphepo siivutitsa kwenikweni. Chimene chimadya mafuta m'misewu yotere ndi kulemera kwa katundu ndi magiya aang'ono okwerera zitunda. Mphepo imayamba kulipiritsa galimoto ikaponda tala, pamsewu wa Mwanza kupita ku Zalewa, ndiponso kuchoka pa Zalewa kudzera pa Lunzu mpaka ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 50. Galimoto imene imathera moyo wake pakati pa midzi ndi pa boma singapulumutse zambiri pochotsa kaliyala. Imene imayenda pa tala kawirikawiri ndiyo ikutaya ndalama.

Eni magalimoto ali ndi yankho lawo, ndipo ndi lomveka. Amati kaliyala ndi amene amabweretsa ndalama, chifukwa matumba awiri kapena atatu oikidwa padenga amalipira kuposa lita imodzi ya mafuta. Pa tsiku limene kaliyala wanyamula, mawu amenewa ndi oona ndithu. Funso ndi lakuti amanyamula masiku angati pa chaka. Manachesi ali ndi nyengo yake, m'miyezi yozizira. Mbatata nayo ili ndi nthawi imene imachuluka ndi nthawi imene imachepa. Galimoto ya Sienta kapena Probox yonyamula anthu pakati pa Zalewa ndi Blantyre ikhoza kutha sabata yathunthu kaliyala wake asanagwire ntchito ngakhale kamodzi.

Masamu ake ndi osavuta. Mwachitsanzo, galimoto ikhale yoyenda makilomita 200 kupita ndi kubwera, ndipo lita imodzi iziyendetsa makilomita 10. Ulendo umodzi ndi malita 20. Ngati kaliyala akuonjezera 5 peresenti, ndiye kuti lita imodzi yapita. Maulendo atatu pa sabata ndi malita atatu, pa mwezi malita 12. Pa mtengo wakale uja wa K2,530 imeneyo inali K30,360 pa mwezi, ndipo pa mtengo wa lero ndi yoposa pamenepo. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndalama yotere ikhoza kulipira chiphaso cha pamsika kwa masiku ambiri kapena kuonjezera mpamba wa katundu.

Ziwerengero za m'chitsanzochi si za galimoto iliyonse, n'chifukwa chake mwini galimoto ayenera kudziyezera yekha. Adzaze thanki mpaka pakamwa, alembe makilomita amene akuoneka pa mita, ayende maulendo ake a nthawi zonse kwa sabata imodzi, kenaka adzazenso ndi kulemba malita amene alowa. Akagawa makilomita ndi malita apeza mtunda umene lita imodzi ikumuyendetsa. Sabata yotsatira achite chimodzimodzi atachotsa kaliyala, panjira yomweyo ndi katundu wofanana. Kabuku ka m'thumba ndi cholembera n'zokwanira, ndipo yankho lake silifuna kutsutsana ndi munthu.

Cholepheretsa chachikulu n'chakuti makaliyala ena anawotcherera padenga penipeni, moti kuwachotsa n'kuwononga galimoto. Amene akufuna kupangitsa kaliyala watsopano auze wowotcherera kuti akhale womanga ndi mabawuti, woti anthu awiri ndi sipanala akhoza kumutsitsa ndi kumubwezera. Akhale wamfupi, wa zitsulo zopepuka, wosatulukira kunja kwa denga. Akamuchotsa, mabowo a mabawuti atsekedwe bwino kuti mvula isalowe ndi kuyambitsa dzimbiri.

Pamene kaliyala sangachotsedwe, pali zina zothandiza. Katundu wolemera alowe m'kati ndi pansi, padenga pakhale wopepuka yekha. Madengu ndi zigubu zopanda kanthu pobwerera zilowe m'galimoto m'malo mozimangirira pamwamba, pakuti dengu lopanda kanthu limakola mphepo mofanana ndi lodzaza. Lona amangidwe zolimba kuti asamakupize. Ndipo pa tala, kuchepetsa liwiro kuchoka pa 100 kufika pa 80 kumapulumutsa mafuta popanda kugula chilichonse. Matayala nawo akhale ndi mpweya wokwanira, chifukwa tayala lofewa limalemetsa galimoto.

Palinso nkhani ya moyo. Denga la magalimoto ang'onoang'ono ambiri linapangidwa kuti linyamule makilogalamu a pakati pa 50 ndi 100, kuphatikizapo kulemera kwa kaliyala mwiniwake. Matumba awiri a mbatata akwana kale kudutsa malire amenewo. Katundu wolemera akakhala pamwamba, galimoto imapendekera msanga pokhota, ndipo m'misewu yokhotakhota ya kumapiri a Neno, makamaka nthawi ya mvula, ngozi yake ndi yaikulu. Wamalonda amene wakakamiza dalaivala kuti thumba lake likwere padenga akhoza kutaya thumbalo pamodzi ndi mpamba wonse. Apolisi a pamsewu nawo salekerera galimoto yonyamula mopyola muyeso, ndipo chindapusa chake chimabwerera kwa eni katundu.

Amalonda amene alibe galimoto asaganize kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Mwini galimoto akamataya malita 12 pa mwezi, amawabweza pokweza mtengo wa thumba. Amene amachita hayala galimoto pagulu ali ndi mphamvu yokambirana. Akhoza kugwirizana ndi mwini galimoto kuti isabwerere yopanda kanthu, inyamule sopo, shuga, mchere kapena fetereza wa eni magolosale a ku Ligowe, ku Lisungwi ndi pa boma, kuti mafuta a ulendo wobwerera agawanidwe pakati pa anthu ambiri. Kaliyala akanyamula kupita ndi kubwera, wadzilipirira yekha ndipo palibe chifukwa chomuchotsera.

Muyeso wake ukhale womwe wamalonda aliyense amagwiritsa ntchito pa benchi yake: chimene chikubweretsa ndalama chikhale, chimene chikungodya chichoke. Nyengo ya manachesi ndi mbatata ikafika, kaliyala akwere padenga agwire ntchito. Nyengo ikatha, atsike akadikire m'nyumba mpaka katundu atapezekanso.