Kodi Uthenga Wathu Ukufikadi?

Mvula ikayandikira kuno ku Bwanje, ife a zaumoyo mumpingo timakhala ndi mauthenga ambiri: za kolera, za kugona m'masikito, za tsiku loyeza kuthamanga kwa magazi. Anthu ambiri timawapeza pa foni, koma aphunzitsi, anamwino ndi ana athu amene akuphunzira ku Malamulo kapena ku Lilongwe timawalembera pa imelo. Funso ndi lakuti, kodi kalatayo imafika?

Imelo ikalephera kufika, nthawi zambiri pamabwera yankho. Pa Gmail yankholo limachokera kwa Mail Delivery Subsystem. Musalifufute musanaliwerenge, chifukwa limanena chimene chavuta.

Likanena kuti "address not found", ndiye kuti adiresiyo kulibe. Mwina chilembo chimodzi chinalakwika polemba m'kaundula, monga gmial m'malo mwa gmail. Mwinanso adiresiyo inatsekedwa, pakuti kuyambira mu Disembala 2023 kampani ya Google ikhoza kufufuta akaunti imene yatha zaka 2 osagwiritsidwa ntchito. Adiresi yotere ikonzeni, apo ayi ichotseni.

Likanena kuti bokosi la makalata ladzaza, adiresiyo ilipo, kungoti malo atha. Google imapereka malo aulere a 15 GB, ndipo zithunzi ndi makanema zimawadya msanga. Muimbireni mwini wake kuti afufute zina, kenaka mutumizenso.

Nanga pakapanda kubwera yankho lililonse? Apa musafulumire kukondwa. Mabungwe ena amalandira kalata iliyonse yolembedwa ku adiresi za bungwelo, ngakhale munthu amene mwamulemberayo anasiya ntchito kalekale. Pemphani wolandira kuti ayankhe, ngakhale ndi mawu amodzi okha akuti "ndalandira".

Zimenezi n'zofunika chifukwa mukamangotumiza makalata ku adiresi zakufa, makina amayamba kukuyesani wotumiza zinyalala. Zikatero, ngakhale makalata opita kwa anthu enieni amakagwera m'bokosi la Spam, mmene ambiri sayang'anamo. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Uthenga wothira klorini m'madzi ukawerengedwa mwezi utatha, mwana akhoza kukhala atagonekedwa kale kuchipatala cha Mua.

Tsono kota iliyonse, mlembi wa mpingo ndi mtsogoleri wa zaumoyo akhale pansi ndi kaundula. Aliyense alembe yekha adiresi yake ndi kuiwerenga mokweza. Munthu watsopano mumutumizire kaye kalata yoyesera. Amene sanapemphe mauthenga musamuike pamndandanda. Chitani chimodzimodzi ndi manambala a Airtel ndi TNM, chifukwa nambala ikakhalitsa osagwira ntchito ikhoza kupatsidwa kwa munthu wina.

Makolo, onaninso adiresi imene mwana wanu walemba pa fomu yofunsira malo a sukulu kapena ntchito. Kalata yomuitana ikasochera, malowo amapita kwa wina. Ndipo nkhani ikakhala ya moyo ndi imfa, musadalire imelo yokha. Imbani foni, kapena kwerani njinga mukanene pamaso.