Mitundu si phanga la akuba

Tsiku limene ndinauza anzanga m'kalasi kuti kwathu n'ku Mitundu, wina anagwira thumba n'kunena kuti, "Aise, bisani mafoni." Onse anaseka. Ine mpaka lero choseketsa sindikuchiona.

Sindikukana, kwathu kumabedwa. Koma funsani mayi wa tomato pamsika wa Mitundu kapena wakabaza wa pa Nathenje kuti zimachitikira pati. Satchula dera lonse ayi. Akulozerani pasiteji pamene anthu amapanikizana pokwera minibasi, kanjira kamdima kuseri kwa mabala, ndi pamene alimi amamwera ndalama za fodya msika ukatsegulidwa ku Kanengo. Ndi malo owerengeka ndi zala. M'midzi yambiri yozungulira, chosowetsa anthu tulo ndi mtengo wa feteleza, osati zikwanje.

Izi si za kwathu kokha. Mu 1989, Lawrence Sherman ndi anzake anapeza kuti mumzinda wa Minneapolis ku America, theka la mafoni oitana apolisi linkachokera pa malo atatu okha mwa malo 100 alionse. David Weisburd anatsatira milandu ya ku Seattle ya zaka 14, ndipo theka lake linkachitikira pa tizigawo ta misewu pafupifupi tisanu mwa 100. Umbanda uli ndi malo ake, ndipo malowo ndi aang'ono.

Nanga bwanji ife ophunzira tikuimbabe kuti ikaola imodzi zaola zonse? Mwambiwu ndi wa nsomba, si wa anthu. Ukatcha dera lonse loipa, wapereka chilolezo choti onse okhalamo alangidwe. Ndi maganizo omwewa amene ankatolera anyamata osalakwa pa vakabu, mpaka Khoti Lalikulu linagamula mu 2017 kuti ndime ya lamulo imeneyo ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Kumbukiraninso Msundwe, kumadzulo kwa Lilongwe. Wapolisi ataphedwa kumeneko mu Okutobala 2019, amene analipira anali amayi ndi atsikana ogwiriridwa, ndipo mu 2020 khoti linalamula kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipukutamisozi.

Ena ati ukalondera pasiteji, wakuba angosamukira kwina. Si zophweka chotero. Wopisa m'thumba amafuna chipiringu, wachikwanje amafuna mdima ndi pothawira. Zimenezi sizipezeka paliponse.

Choncho pempho langa kwa apolisi, khonsolo, mafumu ndi makomiti a chitetezo cha m'mudzi n'losavuta. Lembani malo enieni pamene mlandu uliwonse wachitikira, osangoti "Nathenje". Ikani nyali za sola pa malo ochepawo. Dulani tchire la m'tinjira. Londerani tsiku la msika ndi nyengo ya fodya.

Ndipo inu anzanga, musanasekenso, bwerani Loweruka ndikuyendetseni. Malo oti mugwire thumba ndikuonetsani, sitichedwa nawo. Kwina konseko n'kwa amayi anga.