Chithunzi chopanda mawu chimasiya anzathu panja

M'magulu athu a WhatsApp, uthenga wa maliro masiku ano umabwera ngati chithunzi. Pamwamba pali nkhope ya malemu, m'munsi mwalembedwa tsiku loika maliro, kumene anthu akusonkhana ndi nambala yotumizirako chipepeso. Timangoyang'ana kamodzi, n'kuyamba kulemba "pepani". Koma m'gulu lomwelo muli m'bale wathu wosaona. Foni yake imamuwerengera mauthenga mokweza, ndipo ikafika pa chithunzi chija imangomuuza kuti pali chithunzi, basi. Kenaka amamva "pepani" wotsatizanatsatizana, osadziwa kuti watisiya ndani. Ayenera kudikira kuti mwana abwere kusukulu adzamuwerengere, apo ayi afunse pagulu zimene aliyense wadziwa kale.

Ambiri a ife sitidziwa n'komwe kuti anthu osaona amagwiritsa ntchito foni zomwezi. Mafoni a Android ali ndi TalkBack, a iPhone ali ndi VoiceOver, ndipo pakompyuta pali NVDA, imene ndi yaulere. Munthu amayendetsa chala pagalasi la foni, foniyo n'kumanena chimene chalacho chakhudza. Mawu amene tawalemba ndi zala zathu imawawerenga, ngakhale kuti Chinyanja imachitchula mwachizungu moseketsa. Koma mawu amene ali m'kati mwa chithunzi, kwa foniyo ndi mitundu chabe, pokhapokha patakhala pulogalamu ina yoti iwazindikire.

Vutoli silithera pamaliro pokha. Kumbukirani kolera ya kumayambiriro kwa 2024, pamene bwalo la Heroes mu Lusaka linasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Malangizo osamba m'manja, othira klorini m'madzi ndi a kumene tingathamangire ndi wodwala ankayenda m'mafoni athu, ambiri ali zithunzi zokongola. Chaka chomwecho madzi atachepa ku Kariba, ndandanda ya nthawi yozima malaiti tinkatumizirana ngati chithunzi. N'chimodzimodzinso zilengezo za ntchito, za kutchalitchi, ngakhale mndandanda wa amene alandire chilimba mwezi uno. Munthu wosaona amamwa madzi omwewo ndipo amalipira malaiti omwewo. N'chifukwa chiyani uthenga uzimufika pomalizira, ndiponso kudzera mwa wina?

Ena adzati makina amachita kale zimenezi. N'zoona kuti kuyambira mu 2016 Facebook imayesa kulongosola yokha zimene zili pachithunzi, ndipo pali mapulogalamu monga Lookout, Seeing AI ndi Be My Eyes amene amathandiza kuwerenga. Koma makina amatha kunena kuti pali anthu atatu ataimirira panja. Sadziwa kuti wapakatiyo ndi ambuya athu amene atuluka m'chipatala, ndipo ndiwo nkhani yonse ya chithunzicho. Chikalata chojambulidwa mopendekera, mumdima, n'kutumizidwa kambirimbiri mpaka zilembo kufufutika, makina amachiphonya. Ena mwa mapulogalamuwa amadyanso mabando. Si chilungamo kuti amene saona alipire ndalama zoonjezera kuti amve zimene ife taziona mwaulere, pamene wotumizayo akanatha kulemba mizere iwiri yokha.

Lusoli si lachilendo kwa ife. Amene tinakula tikumvera mpira pawailesi tikukumbukira Dennis Liwewe. Tonse tinali osaona nthawi imeneyo, popeza bwalo linali kutali, koma iye ankatiuza amene ali ndi mpira, kumene akulowera ndi amene akumuthamangitsa, mpaka tinkadumpha ngati tili pomwepo. Kumudzinso, nkhalamba imene maso anachita mdima ikafika pabwalo, mdzukulu amainong'oneza kuti kumanjaku kwakhala a mfumu, kutsogoloku kuli alendo ochokera ku Katete. Palibe amene amati imeneyi ndi ntchito yolemetsa. Ndi ulemu chabe. Tangouiwala titagwira foni.

Nanga tizichita bwanji? Pa WhatsApp, tisanatumize chithunzi, tilembe m'munsi mwake zimene zilipo. Pa Facebook, Instagram ndi X pali malo otchedwa alt text, opangidwira ntchito yomweyi. Ngati chithunzicho chili ndi mawu, tiwalembe onse ofunika: dzina, tsiku, nthawi, malo, nambala ya foni. Ngati ndi cha anthu, tinene chimene chatichititsa kuchitumiza. Kulemba kuti "taonani izi" sikuthandiza. Koma tikalemba kuti "Mwana wathu woyamba wavala gauni yakuda, wanyamula satifiketi, amake akumupsompsona patsaya," aliyense wasangalala nafe. Sitifunika kutchula mtundu wa nsapato iliyonse. Tidzifunse kuti, tikanakhala tikumuuza mnzathu pafoni, tikananena chiyani? Zomwezo n'zimene tilembe.

Tichepetsenso tizithunzi tankhope toseka ndi tolira, chifukwa foni imatchula dzina la kalikonse, ndipo tikaika khumi munthu amavutika kumvetsera tonseto asanafike pa uthenga. Uthenga wamawu ndi wabwino kwa wosaona, koma tikumbukire kuti m'gulu mungakhalenso wosamva. Mawu olembedwa amafika kwa onse awiri, komanso kwa uja amene mabando amuthera ndipo chithunzi chakana kutseguka.

Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo mu 2012 linakhazikitsa lamulo la anthu olumala. Maofesi a boma, mabanki ndi makampani amene amalengeza zinthu paintaneti ayenera kutsogolera, ndipo tili ndi ufulu wowakumbutsa. Koma lamulo silingalowe m'gulu la banja lathu kapena la kwaya yathu. Mmenemo oyang'anira ndife.

Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, ana osaona anayamba kuphunzitsidwa kuwerenga mu 1905. Papita zaka zoposa 100, ndipo n'zamanyazi kuti ife, amene tili ndi zipangizo zonsezi m'thumba, tiziwabisiranso uthenga. Maso sakhala akuthwa mpaka kalekale. Ng'ala, shuga ndi ukalamba sizisankha nyumba, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chithunzi chotsatira chimene titumize lero, tiyambe tachilembera mawu.