Nyumba zokha sizidzasunga aphunzitsi pa yunivesite ya M'mbelwa

Anthu a ku Euthini, ku Embangweni ndi madera ena a boma la Mzimba akhala akudikira yunivesite ya M'mbelwa kuyambira m'chaka cha 2015, pamene Pulezidenti Peter Mutharika adaika mwala wa maziko a sukuluyi, imene panthawiyo inkatchedwa Mombera. Madandaulo ambiri akhala pa kuchedwa kwa ntchito yomanga, koma funso limene silimveka kawirikawiri n'lakuti aphunzitsi adzakhutira ndi chiyani kuti akhazikike ku Mzimba, kutali ndi Lilongwe ndi Blantyre kumene kumapezeka maganyu a kafukufuku.

Katswiri wa ku America, Frederick Herzberg, adafotokoza m'chaka cha 1959 kuti malipiro ndi malo ogwirira ntchito zimangochepetsa kudandaula, pamene chikhutiro chenicheni, kutanthauza mtima wokonda ntchito ndi wosafuna kuisiya, chimachokera pa kulemekezedwa, kupatsidwa udindo ndi kuona zipatso za thukuta lako. Mbiri ya dziko lino ikuvomereza maganizowa, ngakhale kuti siikuwavomereza onse.

M'chaka cha 2011 maphunziro adaima kwa miyezi yambiri ku Chancellor College, ndipo nkhani siinali ya ndalama ayi: mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, adaitanitsa Dr Blessings Chinsinga kukamufunsa za zimene adaphunzitsa m'kalasi, ndipo aphunzitsi anzake, motsogoleredwa ndi Jessie Kabwila, adakana kugwira choko kufikira atatsimikiziridwa za ufulu wophunzitsa mopanda mantha. M'chaka cha 2017 aphunzitsi a ku Chancellor College adanyanyalanso ntchito chifukwa ena a ku College of Medicine ankalandira zochuluka pa udindo wofanana, zomwe zikusonyeza kuti kukondera kumawawa kuposa kuchepa kwa malipiro. Komabe kunyoza ndalama kungakhale kudzinamiza, pakuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe pulofesa amene adagula ufa ndi ulemu.

Zipangizo nazo n'zofunika, monga adaonera aphunzitsi a yunivesite ya Mzuzu laibulale yawo itapsa mu Disembala 2015.

Boma ndi aphungu a ku Mzimba ayenera kuika m'ndondomeko ya sukuluyi nyumba za aphunzitsi, intaneti yodalirika, sukulu zabwino za ana awo, thumba la kafukufuku ndi malamulo osakondera okwezera anthu pantchito, zipata zisanatsegulidwe.